Zilembo zitatu za kondakita wa ku Chawama

Mwana wa mlongo wanga ali ndi kashopu kometela tsitsi kufupi ndi pamene mabasi amatembenukila mu Chawama. Muli mipando iŵili, galasi losweka pakona, ndi machaja a mafoni olendewela kukhoma monga micila ya mbeŵa. Koma cimene cimadzaza anthu m'kashopuko si makina ometela ayi. Ndi cibokosi ca mapulanga coimilila kumbuyo kwa citseko, cotalika ngati munthu, cokhala ndi sikilini, kandodo kogwedeza ndi mabatani sikisi. Kalipentala wa pa msika ndiye anacikhoma. Mkati mwake muli kompyuta yakale, ndipo m'kompyutamo muli pulogalamu yochedwa MAME, imene imayendetsa magemu aja tinali kuponyela makobili tili ana.

Imwe amene mumakhala m'basi kuyembekeza kuti idzale, mwina munafunsapo kuti kodi kondakita wa basi ili kumbuyo pa mzele wapita kuti. Kwathu kuno yankho nthawi zambili ili kuseli kwa citseko cija. Madilaiva, makondakita, angwangwazi, ana a sukulu akaŵeluka, onse amapanikizana pamenepo. Ndipo aliyense afuna cinthu cimodzi: kuti dzina lake lioneke pa mndandanda wa akatswili umene umabwela pa sikilini gemu ikatha. Dzina lonse silikwana. Makina amakupatsa malo a zilembo zitatu cabe.

Pa gemu ya Galaga, pamwamba peni-peni, panali zilembo KND ndi mapointi 214,380. Sindizo zilembo za dzina lake. Anali kondakita, ndipo anasankha kulemba nchito yake. Galaga ndi gemu ya kampani ya Namco ya ku Japan, ya mu 1981: uli ndi kandege pansi pa sikilini, uwombela tizilombo totsika kucokela kumwamba. Anthu ambili amathaŵa kacilombo kakakulu kaja kamene kamagwila ndege yako ndi kuwala kwake. Iye anali kuipeleka dala ndegeyo, kenaka n'kuiwombola, kuti akhale ndi ndege ziŵili zogwilana zowombela pamodzi. Pa cigawo ca bonasi, pamene tizilombo 40 timadutsa osawombela, anali kutitsiliza tonse n'kutenga mapointi 10,000 a pamwamba. Anali kucita zimenezi ndalama za basi zili zopinda pakati pa zala.

Anamwalila caka catha nthawi ya mvula, atadwala masiku ocepa. Mabasi sanaime, ndipo pa citseko cimene anali kupacikika panapacikika wina. Koma Ciŵelu ciliconse mwana wake wamwamuna, wa giledi 6, anali kubwela ku shopu ndi kakobili kamodzi. Asanaseŵele anali kuimilila cabe, kuyembekeza kuti mndandanda udutse pa sikilini.

Mwezi watha mphwanga uja anapeza kompyuta ina yabwinoko. Yakale inali itayamba kulila monga cigayo ndi kuzima yokha. Anaika MAME yatsopano, anakopela foda ya magemu, anayesa mabatani, zonse zinali bwino, zithunzi zoyela kuposa kale. Anagona wokondwa. Ciŵelu m'maŵa mwana uja anabwela, anaimilila monga mwa masiku onse, ndipo mndandanda unadutsa uli ndi manambala a ku fakitale.

"Ba uncle, manje ba tata bayenda kuti?"

Mphwanga anandiimbila foni mau ali pansi. "Amalume, bwelani. Naononga vinthu."

Ndinagwilapo nchito zaka zingapo m'kashopu ka intaneti mu tauni, conco pa banja pathu ndine amene amaitanidwa cinthu ca magetsi cikafa. Ndili m'basi ndinam'funsa funso limodzi lokha: kompyuta yakale ili kuti? Ati ili pansi pa bedi, ndipo pali mnyamata wina amene abwela pa Mande kudzaifufuta zonse kuti aigule. Ndinamuuza kuti asaikhudze ngakhale kuipukuta fumbi.

Kuti mumvetse cimene cinacitika, muyenela kudziŵa coyamba kuti makina oyambilila aja anali oiŵala. Space Invaders ya mu 1978, Pac-Man ya mu 1980, Donkey Kong ndi Galaga za mu 1981, zonsezi zinali kusunga mapointi malinga ngati magetsi ali moyaka. Mwini shopu akazula pulagi usiku, m'maŵa aliyense ayambilanso pa zilo. Ngakhale Street Fighter II ya mu 1991, imene anyamata a m'komboni amaikonda kwambili, inali conco. Panali makina ena amene anali ndi kabatile mkati kosungila cikumbukilo, monga Defender ndi Joust za kampani ya Williams, Mortal Kombat ya Midway, ndi makina a Neo Geo. Amenewo ukazima n'kuyatsa, maina anali kukhalapo.

Manje MAME, imene munthu wa ku Italy dzina lake Nicola Salmoria anatulutsa koyamba mu February 1997, siinapangidwe kuti ikondweletse ise. Colinga ca eni ake ndi kusunga makina akale monga mmene analili, kuti mabodi ake akadzaola, mbadwo wa kutsogolo udzaone mmene anali kugwilila nchito. Ndiye kuti ngati makina eni-eni anali kuiŵala, MAME nayo iiŵala. Ngati anali ndi kabatile, MAME imalemba cikumbukilo cimeneco m'foda yochedwa nvram.

Nanga KND anakhala bwanji pamwamba pa Galaga miyezi yonseyi, malaiti akuzima-zima mmene amazimilamu? Apa ndiye pali nzelu ya anthu okonda magemu. Anakhala pansi, gemu imodzi-imodzi, kufufuza malo eni-eni m'cikumbukilo ca makina pamene mapointi ndi zilembo zimakhala. Malo amenewo anawalemba m'faelo imodzi yochedwa hiscore.dat. Ili monga kabuku ka kondakita kosonyeza amene wakhala pa mpando uti. Ndi kabuku kameneko pulogalamu imapita pa malo oyenela, imakopela manambala, n'kuwasunga m'kafaelo kakang'ono kothela ndi .hi. Ukayatsanso gemu, imawabweza pamalo pake gemu isanazindikile kuti inazimitsidwa.

Eni MAME sanali kuikonda kweni-kweni njila imeneyi, cifukwa ndi kuloŵetsa dzanja m'thumba la gemu, cinthu cimene makina eni-eni sanali kucita. Mu 2006 anaicotsa, ndipo kwa zaka pafupi-fupi khumi anthu anali kugwilitsila nchito MAME zosinthidwa ndi ena kuti asunge mapointi. Mu 2016 inabwelanso, koma monga plugin, kanthu koonjezela kamene umayatsa wekha ukakafuna. Mau akuti "wekha" muwagwile bwino, cifukwa ndi pamene mphwanga anagwela.

Tinatulutsa kompyuta yakale pansi pa bedi. Inakana kuyaka kaŵili, ulendo wacitatu inavomela, ikulila. Ndinatsegula foda ya MAME manja akunjenjemela pang'ono, sindinama. Munali foda ya roms, imene mphwanga anakopela. Munalinso cfg, nvram, sta, ndi kena ka zilembo ziŵili cabe, hi. Zonsezi anazisiya poganiza kuti ndi zinyalala zimene pulogalamu imadzipangila yokha. Mu hi munali galaga.hi. Kukula kwake sikufika ngakhale pa meseji imodzi yaitali ya pa foni. Ndinakakopela pa flashi, pa foni yanga, ndi pa foni ya mphwanga, ndisanacite cina ciliconse.

Ndinaganiza kuti nchito yatha. Ndinapanga foda ya hi pa kompyuta yatsopano, ndinaikamo kafaelo, tinayatsa Galaga. Palibe. Manambala a ku fakitale okha-okha. Makondakita aŵili amene anali kumetedwa anayamba kuseka: "Ba mudala, vakukangani."

Zinthu zinali ziŵili. Coyamba, plugin ija inali yozima. Umaiyatsa pa mndandanda wa ma plugin mu MAME, kapena kutsegula faelo ya plugin.ini n'kusintha 0 kukhala 1 pa mzele wa hiscore. Caciŵili, MAME za masiku ano sizifuna mapointi m'foda ya hi. Zimawafuna m'foda yochedwa hiscore. Cinthu n'cimodzi-modzi, koma siteshoni inasamuka, ndipo ise tinali kuyembekeza basi pa malo akale.

Pali msampha wina umene tinatsala pang'ono kugwamo, ndipo ndi umene ndifuna eni mashopu aumve. Titayatsa plugin, kamnyamata kena kanaseŵela kamodzi pamene ine ndinali panja kuyankha foni. Pulogalamu inapanga galaga.hi yakeyake yatsopano, ya mapointi a kamnyamatako. Ukakopela faelo yakale pulogalamu ili moyaka, imatha kuilembapo pamwamba ndi zimene ili nazo m'mutu, ndipo ngati unalibe kope ina, kwatha. Tinatseka MAME yonse, tinacotsa yatsopano ija, tinaika yakale, n'kuyatsa.

Galaga ikayaka imayamba ndi kudziyesa yokha, sikilini imadzala manambala ndi mizele. Masekondi amenewo anatalika. Kenaka nyenyezi zinayamba kutsika, ndipo pamwamba pa sikilini panaoneka 214,380. Palibe anakamba kanthu kufikila mndandanda unadutsa ndi zilembo zitatu zija pa nambala wanu. Mmodzi wa makondakita aja, theka la mutu wometedwa, anangoti, "Wabwela mudala."

Ndikuuzeni cimene mphwanga ananena tisanapeze kafaelo, pamene kompyuta yakale inali kukana kuyaka. Ati, "Amalume, ngati yafa, sitingalembe cabe nambala ija na manja? Ise tonse tiiziba." Zoona, zitheka. Munthu wodziŵa akhoza kutsegula kafaelo n'kulembamo nambala iliyonse, ngakhale miliyoni. Ndinakana, ngakhale kuti mumtima ndinali kumumvela cifundo. Tsiku limene anyamata a pa siteshoni adzadziŵa kuti mwini makina akhoza kulemba nambala ndi manja, mndandanda wonse udzakhala wopanda nchito, ndi 214,380 yomwe. Aliyense adzati anam'lembela cifukwa anamwalila. Munthu uja anaimilila pa bokosilo pafupi-fupi ola lathunthu kuti aipeze nambala imeneyo, basi yake inam'siya tsiku limenelo, ndipo dilaiva anam'dula ndalama.

Musaganize kuti ndi ise a m'komboni cabe amene timakangana pa zotele. Ku America kuli bungwe lochedwa Twin Galaxies limene limasunga mbili ya mapointi a magemu. Mu 1999 Billy Mitchell anadziŵika monga munthu woyamba kupeza mapointi onse otheka pa Pac-Man, 3,333,360, kufika pa cigawo ca 256 pamene theka la sikilini limasokonezeka. Mu 2018 bungwelo linacotsa mapointi ake litagamula kuti mavidiyo ena a Donkey Kong amene anapeleka sanajambulidwe pa makina eni-eni. Iye anakana, nkhani inapita ku khoti, ndipo anagwilizana mu 2024. Amuna aakulu, maloya, zaka sikisi, cifukwa ca nambala ya pa sikilini. Ndiye mukaona angwangwazi akukwezelana mau pa shopu ya mphwanga, musawaseke kwambili.

Titatsiliza Galaga tinakopela zotsala. Foda ya nvram inabweza maina a pa Mortal Kombat ndi The King of Fighters. Foda ya cfg inabweza mabatani monga mmene anyamata anawazoloŵelela, cifukwa anali atayamba kale kudandaula kuti batani ya kiki yasanduka ya nkhonya. Pac-Man inavuta pang'ono. Kafaelo ka mapointi kamatenga dzina lalifupi la gemu, ndipo gemu imodzi imakhala ndi mitundu ingapo. Ya ku Japan ndi puckman, ya ku America ndi pacman. Anthu anali kuseŵela imodzi pa kompyuta yakale, mphwanga anaika inayo pa mndandanda watsopano. Titabwezela yoyenela, mapointi anabwela.

Cimodzi cimene simuyenela kukopela ndi hiscore.dat yakale. Kabuku kameneko kamayendela pamodzi ndi MAME imene kanabwela nayo. Eni pulogalamu amatulutsa yatsopano kaŵili-kaŵili, ndipo nthawi zina amasintha maina a magemu kapena a zigawo za mkati. Ukaika kabuku kakale pa pulogalamu yatsopano, magemu ena amaleka kusunga, ndipo udzazindikila pambuyo pa sabata pamene munthu wabwela kudzafuna dzina lake. Tengani mafaelo a .hi okha, kabuku musiye katsopano.

Sikuti zonse zinatha bwino. Pali dilaiva wina, wamkulu thupi, amene anali pamwamba pa Street Fighter II. Pa kompyuta yakale gemu imeneyi siinali kusunga mapointi bwino, conco mphwanga anapeza njila yacidule: usiku uliwonse anali kuimitsa gemu n'kusunga cithunzi ca mmene makina onse alili pa nthawiyo, cimene amati save state, m'maŵa n'kuyambila pomwepo. Mafaelo amenewo ndiwo amakhala mu sta. Vuto lake n'lakuti cithunzi cotele cimadalila mmene pulogalamu inapangidwila mkati, ndipo pulogalamu ikasintha, kaŵili-kaŵili cimakanidwa. Cathu cinakanidwa. Tinati tibwelele pa kompyuta yakale tikayese njila ina, koma ulendo uwu siinayakenso. Inalila kamodzi n'kukhala cete.

Dilaivayo ali ndi cithunzi ca mapointi ake pa foni. Mphwanga anacisindikiza n'kucimata pambali pa bokosi. Anyamata akuti pepala si sikilini. Iye akuti mphwanga anacita dala cifukwa ca ngongole ya kumeta kaŵili. Nkhaniyo ikali mkati, ndipo ine sindiloŵelelamo.

Ngati muli ndi bokosi lotele pa shopu panu, kapena mwana wanu ali nalo pa laputopu, nazi zimene ndinaphunzila ndi thukuta. Pulogalamu yatsopano muziika m'foda yakeyake, yakale muisiye mmene ilili kufikila mutaona ndi maso kuti gemu iliyonse yabweza maina ake. Osaika yatsopano pamwamba pa yakale, ndipo osagulitsa kompyuta yakale sabata yomweyo. Komanso dzifunseni ngati mufunikadi kusintha. Ngati magemu anu ayenda bwino, palibe amene akukakamizani kuthamangila yatsopano iliyonse imene yatuluka. Mphwanga anasintha cifukwa makina anali kufa, cimeneco n'cifukwa comveka.

Cina ndi ca malaiti. Plugin ija ili ndi njila ziŵili zosungila: potseka gemu, kapena patapita masekondi ocepa mapointi atasintha. Ukakanikiza Tab gemu ili mkati, upeza posankhila pansi pa Plugin Options. Kuno kwathu sankhani yaciŵili. Amene anapanga njila yoyamba ankaganiza za munthu amene amatseka kompyuta yake mwaulemu asanagone, osati wa mu Chawama amene malaiti amamuzimila ali pakati pa cigawo ca bonasi. Magemu a nvram alibe mwai umenewu, cifukwa MAME imalemba foda imeneyo gemu ikatsekedwa bwino. Conco munthu akaika dzina lake pa Mortal Kombat, tulukani mu gemu kamodzi n'kuloŵanso, asanapite kukadzitama ku siteshoni.

Wina adzandifunsa za eni magemu, ndipo ali ndi mfundo. MAME yokha ndi yaulele, koma siibwela ndi magemu, ndipo magemu ambili akali ndi eni ake, makampani monga Bandai Namco, Capcom ndi Nintendo. Ndinamuuza mphwanga zimenezi, anandiyang'ana monga mmene kondakita amayang'anila munthu wofunsa lisiti. Ndi nkhani ya tsiku lina.

Galaga.hi manje ili m'malo anayi: m'bokosi, pa flashi imene ili m'kabati ya makina ometela, pa foni yanga, ndi pa foni ya amai ake a mwana uja. Titawatumizila anafunsa kuti n'ciani, cifukwa siitseguka, ilibe cithunzi ngakhale nyimbo. Ndinawauza kuti asaifufute cabe.

Mwanayo anabwela Ciŵelu cotsatila. Anaimilila, mndandanda unadutsa, sanakambe kanthu, anaponya kakobili kake. Wayamba kupeleka ndege dala kwa kacilombo kakakulu, koma akali kuiwombela yekha mwangozi poiwombola. Mndandanda wa Galaga uli ndi malo asanu cabe, ndipo tsiku limenelo anapeleŵela mapointi 9,000 kuti aloŵe pa nambala faifi. Dilaiva wa Street Fighter II anali pampando akumetedwa, pa ngongole yacitatu, ndipo ndiye anam'ponyela kakobili kena.